Kumata ming'alu ya pa tara ndi pa konkire: mafunso ndi mayankho pa kuwerengera zipangizo ndi ndalama

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa kawirikawiri anthu oyang'anira malo oimikapo galimoto pa tchalitchi, pa sukulu, pa malo omwetsera mafuta, timisewu ta m'kati mwa mpanda wa kampani, komanso eni nyumba amene anathira tara kapena konkire pakhomo. Tikunena za malo anuanu. Msewu wa boma uli m'manja mwa Roads Authority kapena khonsolo ya dera lanu, ndipo ukang'aluka muyenera kukawauza iwowo, osati kupita ndi ndowa ya phula.

Kamng'alu kakang'ono chonchi, n'kuwonongerapo ndalama chifukwa chiyani?

Chimene chimanyamula galimoto si tara wakuda amene mumamuona pamwambayo. Ndi miyala ndi dothi lotsenderedwa lomwe lili pansi pake, ndipo tara ndi denga lake chabe. Mng'alu ukatseguka, madzi a mvula amalowera m'menemo n'kukafewetsa dothi la pansilo. Tayala likadutsa limapopa madziwo pamodzi ndi dothi losalala kutulukira pamng'alu pomwepo. N'chifukwa chake mvula ikakata mumaona kafumbi kofiirira kapena kotuwa m'mbali mwa ming'alu. Pansipo pakhala mphako, tara amatitimira, amasweka timagawo, kenako pali dzenje. Kutseka dzenje kumafuna kudula, kukumba, kutsendera ndi kuthira tara watsopano, pomwe mng'alu umene unalibala ukanangofuna kapu imodzi ya phula pa mita.

Kodi mng'alu uliwonse ndi woyenera kumatidwa?

Ayi, ndipo apa m'pamene kuwerengera kumayambira, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake ndi mtengo wake.

Ming'alu yochepera mamilimita 3, yonga tsitsi, phula lotentha sililowamo. Limangokhala pamwamba. Imeneyi imafuna emulsion (phula lomwazikana m'madzi) yamadzimadzi yopakidwa ndi burashi n'kuwazapo mchenga.

Yoyambira mamilimita 3 mpaka 25 ndiyo ya ntchito imeneyi kwenikweni: yodutsa mopingasa, yotsata kutalika kwa msewu, yotsata pamene makina anathira tara mizere iwiri yogundana, ndi ija yopanga mabokosi akuluakulu pa tara wokalamba.

Yoposa mamilimita 25 ili ngati kangalande. Mukathiramo phula lokha limadya ndalama, ndipo pa dzuwa la mu Okutobala limafewa n'kumamatirira kumatayala. Imeneyi imafuna kudzazidwa kaye ndi mchenga wouma kapena phula losakaniza ndi mchenga, kapena kudulidwa n'kuikapo chigamba.

Pamene tara wang'alukang'aluka timagawo ting'onoting'ono tonga khungu la ng'ona, musamatepo. Pamenepo vuto lili pansi: maziko afooka. Mungathire phula lochuluka bwanji, pansi pakupitiriza kugwedera ndipo m'miyezi yochepa padzasweka. Malo otere muwayeze mu masikweya mita n'kuwalemba padera ngati chigamba.

Palinso ming'alu italiitali ya m'mphepete mwa tara woyalidwa pa dothi la makande, monga la ku Chikwawa, Nsanje ndi m'madambo. Dothi limeneli limatupa likanyowa n'kunyala likauma. Mng'alu wake mutha kuumata, koma muyembekezere kuti udzatsegukanso, ndipo ndalama ina muyiike pa ngalande yochotsa madzi m'mbali.

Ndiyeze bwanji? Bwalo ndi lalikulu ndipo ming'alu ili paliponse.

Sesani kaye, chifukwa fumbi ndi udzu zimabisa ming'alu yambiri ndipo zimaonetsa ina ngati yopapatiza. Yezani m'mawa tara asanatenthe. Masana tara amafutukuka ndipo ming'alu imaoneka yocheperako. Tengani choko kapena penti ya mitundu itatu: mtundu umodzi wa yonga tsitsi, wina wa yapakati, wina wa ikuluikulu. Lembani chizindikiro pa mng'alu uliwonse mukauyeza kuti musauwerenge kawiri.

Kutalika kuyezeni ndi gudumu loyezera ngati lilipo, mukutsata mmene mng'alu wakhotera. Ngati muli ndi tepi yokha, yalani chingwe motsata mng'aluwo kenako yezani chingwecho. Amene amakoka tepi molunjika kuchoka kumayambiriro kufika kumathero amapeza nambala yochepa, poti mng'alu suyenda molunjika.

Kutambalala kuyezeni polowetsa misomali kapena tizitsulo toboolera ta dirilo ta saizi yodziwika m'mamilimita: ka 4, ka 6, ka 8, ka 10, ka 12. Kamene kalowa mothina ndiko saizi ya mng'alu. Chitani zimenezi malo atatu kapena anayi pa mng'alu umodzi, ndipo muchite mutakolopola dothi la m'kati, chifukwa mng'alu woyeretsedwa umakula. Kuya kuyezeni ndi waya wowongoka.

Bwalo likakhala lalikulu kwambiri, ligaweni m'magawo a mamita 10 mbali zonse. Sankhani magawo osachepera asanu, ena oipa kwambiri, ena abwinoko, muwayeze mosamala, mupeze pakatikati pake, n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha magawo onse. Musasankhe a pafupi ndi geti okha; m'menemo magalimoto amakhota ndi kuima, ndiye ming'alu imachuluka kuposa kwina.

Masamu ake ndi otani kuti ndidziwe malita?

Ndi amodzi okha: kutambalala m'mamilimita, kuchulukitsa ndi kuya m'mamilimita, kuchulukitsa ndi kutalika m'mamita, kugawa ndi 1,000. Yankho lake ndi malita.

Mng'alu wa mamilimita 10 m'lifupi ndi 10 kuya umadya malita 0.1 pa mita. Wa 8 ndi 15 umadya 0.12. Wa 20 ndi 20 umadya 0.4. Taonani mmene nambala ikudumphira: kutambalala ndi kuya zikawirikiza kawiri, phula limawirikiza kanayi. Kulakwitsa ndi mamilimita awiri kapena atatu pa mamita mazana angapo ndiko kumachititsa kuti phula lithe ntchito ili pakati.

Kuya kumene mukuika m'masamu si kuya konse kwa mng'alu ayi, ndi kuya kumene mukufuna phula lifike. Pa tara, mamilimita 12 mpaka 20 ndi okwanira. Mng'alu ukapitirira pamenepo, pansi pake dzazani mchenga wouma wosefa n'kusiya mpata umenewo pamwamba.

Pali chinanso chimene ambiri amaiwala. Pothira phula lotentha, amisiri amalisalaza ndi chopalira kuti pakhale kalamba kopyapyala pamwamba pa mng'alu, kotambalala mamilimita 50 mpaka 75 ndi kochindikala 2 kapena 3. Kalambaka kamawerengedwa ndi masamu omwe aja. Ka 50 ndi 2 kamadya malita 0.1 pa mita. Ka 75 ndi 3 kamadya 0.225. Pa ming'alu yopapatiza, kalambaka kamatha phula lofanana kapena loposa lolowa m'kati. Amene wawerengera za m'kati zokha amagula theka la zimene zikufunika.

Tipatseni chitsanzo chathunthu.

Tiyerekeze bwalo la tara la mamita 40 ndi 25. Mwayeza ndipo mwapeza ming'alu yonga tsitsi mamita 150, yapakati ya mamilimita 8 mamita 320, yokulirapo ya mamilimita 20 mamita 60, ndi malo a khungu la ng'ona okwana masikweya mita 12.

Yapakati ija, mukaidzaza mamilimita 15 kuya: 8 × 15 × 320 ÷ 1,000 ndi malita 38.4. Kalamba ka 50 ndi 2 pa mamita 320 ndi malita 32. Pamodzi 70.4.

Yokulirapo ija, mutadzaza mchenga pansi n'kusiya mamilimita 20: 20 × 20 × 60 ÷ 1,000 ndi malita 24. Kalamba ka 70 ndi 2 ndi malita 8.4. Pamodzi 32.4.

Zonse zikwana malita 102.8. Onjezani 15 pa 100 ya zotayika, mufika pa malita pafupifupi 118. Phula la labala, lija lothiridwa lotentha, limagulitsidwa pa kulemera, ndipo lita imodzi imalemera pakati pa makilogalamu 1.1 ndi 1.2; nambala yeniyeni imalembedwa pa pepala la wopanga. Tikatenga 1.15, tipeza makilogalamu 136. Ngati mabokosi ake ndi a makilogalamu 13.6, monga mmene ambiri ochokera ku America amabwerera, mukufuna mabokosi 10. Funsani kulemera kwa bokosi musanagawe, poti opanga ena amalongedza mosiyana.

Yonga tsitsi ija: mukapaka mzere wa masentimita 10 pa mamita 150, ndi masikweya mita 15. Pa lita imodzi pa sikweya mita, chigubu cha malita 20 cha emulsion chikwanira.

Zotayika 15 pa 100 sizikuchuluka?

Phula lina limatsalira m'makoma a chotenthetsera, lina limaumira m'ketulo yothirira, lina limadontha poyenda, lina limalowerera m'mphako zimene waya sunazipeze. Gulu lozolowera ntchito, lokhala ndi makina a paipi, litha kukwanitsa ndi 10 pa 100. Anthu othira ndi ketulo koyamba, ikani 20. Ntchito ikakhala yaing'ono, gawo lotayika limakula, chifukwa lotsalira m'chotenthetsera ndi lomwelo kaya mwamata mamita 50 kapena 500.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi kuyesa. Tsiku loyamba matani mamita 20 a mng'alu wapakati, muyeze phula limene lapita, mugawe ndi 20, n'kuyerekeza ndi zimene munawerengera. Zikasiyana kwambiri, konzani oda yanu lomwelo, zisanafike potherera.

Phula lotentha la labala kapena emulsion ya m'mgolo: ndigule chiti?

Phula la labala ndi phula losakanizidwa ndi labala kapena mapulasitiki ena olipangitsa kutamuka. Limabwera ngati zidina zolimba, limasungunulidwa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 180 mpaka 200, ndipo likazizira limatamuka pamodzi ndi mng'alu ukamatseguka ndi kutsekeka. Labwino limalembedwa muyezo umene linayesedwera, monga ASTM D6690. Likaikidwa bwino pa mng'alu woyera ndi wouma, nthawi zambiri limatumikira zaka 3 mpaka 5. Vuto lake ndi chotenthetsera: limafuna chija cha makoma awiri okhala ndi mafuta pakati, chokhala ndi choyezera kutentha ndi chotakasira.

Emulsion ndi phula lomwazikana m'madzi. Imathiridwa yozizira, imapezeka m'migolo ya malita 200 kapena m'zigubu, ndipo siifuna makina. Ya SS60 ili ndi phula magawo 60 pa 100, otsalawo ndi madzi. Ikathiridwa imakhala yabulauni. Madzi akauma imada. Siitamuka kwambiri pokhapokha ikhale yosakanizidwa ndi labala, choncho pa ming'alu yoyenda imatha kung'ambika chaka chimodzi kapena ziwiri.

Kuona kwathu n'kwakuti pakhomo ndi pa bwalo laling'ono, pamene ming'alu siikwana mamita 200, emulsion ndiyo yanzeru, bola muvomere kuti mudzabwereza. Pa bwalo lodutsa malole ndi maminibasi tsiku lonse, lipirani phula la labala ndi munthu amene ali ndi chotenthetsera choyenera.

Ndikasankha emulsion, masamu aja asintha?

Inde. Poti magawo 40 pa 100 ndi madzi amene adzauma, malita amene mwapeza muwagawe ndi 0.6. Ming'alu yapakati ya m'chitsanzo chija, ya malita 38.4, idzafuna malita 64 a SS60, musanaonjeze zotayika. Ndipo simungathire onsewo kamodzi: mumathira, imaphwa ikauma, mawa lake mumathiranso, nthawi zina kachitatu. Ndiye pa ndalama za antchito muwerengere maulendo awiri. Kalamba kochindikala ka pamwamba simukawerengera, chifukwa emulsion ndi yamadzi ndipo siiunjikana.

M'ming'alu ikuluikulu, sakanizani emulsion ndi mchenga wosefa kuti ikhale ngati phala lolimbirako, mulikanikizire m'kati ndi chitsulo chopalira, kenako mupake emulsion yokha pamwamba. Sakanizani pang'onopang'ono m'ndowa, zokwanira mphindi zochepa, poti ikayamba kugwirana siibwereranso.

Emulsion siikhalitsa. Mgolo ukakhala miyezi yambiri osagwedezedwa, phula limakhazikika pansi n'kugwirana. Gubuduzani mgolo musanautsegule, musausiye padzuwa, ndipo musagule mgolo wonse ngati mukufuna malita 80 okha pokhapokha pali wina wogawana naye. Musasakanize emulsion za mitundu iwiri m'chotengera chimodzi; ya anionic ikakumana ndi ya cationic zimaundana nthawi yomweyo.

Amisiri ena amasungunula phula wamba mu mgolo pa nkhuni. N'kulakwa?

Phula wamba, monga la 80/100, ndi lotchipirako ndipo limatseka madzi kwa kanthawi. Koma lilibe labala: kukazizira mu Juni limauma gwa n'kung'ambika pamzere womwe uja, kukatentha limafewa n'kutengedwa ndi matayala. Moto wa nkhuni suyezeka. Pansi pa mgolo limapsa pamwamba lisanasungunuke, ndipo phula lopsa limakhala lophwanyika. Kulisungunula ndi dizilo kapena palafini kuti liyende msanga n'koipirapo, chifukwa mafutawo amafewetsa tara wa m'mbali mwa mng'alu. Phula la labala ndiye musaliike n'komwe pa moto wachindunji. Labala yake imawonongeka ndipo mumakhala mwalipira mtengo wapamwamba pa chinthu chimene chasanduka phula wamba.

Nanga kukulitsa mng'alu ndi makina tisanathire?

Pali makina odula kangalande kaukhondo motsata mng'alu kuti phula likhale ndi pogwira ndi potamukira. Ntchito yake imakhalitsa, makamaka pa ming'alu yopingasa imene imayenda kwambiri. Koma kumasintha masamu. Kangalande ka 12 ndi 12 kamadya malita 0.144 pa mita. Ka 19 ndi 19 kamadya 0.361, kuwirikiza kawiri ndi theka. Mukagwirizana zodula, saizi yake ilembedwe m'kotesheni. Pa tara wopyapyala wa miyala yowazidwa pa phula, kapena wokalamba woti ukamukanda miyala ikugwa, musadule. Makinawo amangogumula m'mbali.

Pakhomo panga ndi pa konkire. Ndiwerengere chimodzimodzi?

Masamu ndi omwewo, koma zomatira ndi zina. Pa konkire pamagwiritsidwa ntchito polyurethane, monga ya Sikaflex ndi zinzake, imene imabwera m'timabotolo ta mamililita pafupifupi 300 kapena m'masoseji a mamililita 600 othiridwa ndi mfuti yake. Sankhani yolembedwa kuti ndi ya pansi poyenda anthu ndi galimoto, osati ya m'mawindo.

Mng'alu umakulitsidwa ndi gilayinda kufika mamilimita 6 mpaka 10, fumbi lonse lichotsedwe, kenako mulowetse kachingwe ka thovu kotchedwa backer rod, konenepa pang'ono kuposa mng'alu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, kuti kagwire kokha. Kachingweka kali ndi ntchito ziwiri: kamaletsa zomatira kulowerera pansi, ndipo kamachititsa kuti zigwire makoma awiri okha osati ndi pansi pomwe, kuti zithe kutamuka.

Tiyerekeze ming'alu ya mamita 45 yodulidwa 8 ndi 8. Ndi malita 0.064 pa mita, onse pamodzi 2.88, kutanthauza masoseji asanu a 600. Gulani asanu ndi limodzi. Tsopano chotsani kachingwe kaja pa konkire wochindikala mamilimita 100 amene wang'aluka mpaka pansi: 8 × 100 × 45 ÷ 1,000 ndi malita 36, masoseji 60. Kachingwe kotchipa ndiko kakusiyanitsa 6 ndi 60. Werenganinso pepala la wopanga ngati akufuna primer (mankhwala opaka koyamba kuti zomatira zigwire) pa konkire, chifukwa imagulidwa padera, ndipo konkire watsopano amafunika masiku 28 asanamatidwe.

Bwanji osangopaka simenti ndi mchenga?

Pa mng'alu umene unasiya kuyenda, wa m'kati mwa nyumba kapena pansi pa denga, zitha kugwira. Panja, konkire amafutukuka masana n'kunyala usiku, ndipo simenti yopakidwa siitamuka. Imang'aluka m'mbali n'kutuluka ngati kamtengo. Kuti mudziwe ngati mng'alu ukuyenda, lembani timizere tiwiri ta pensulo mbali ino ndi inayo, muyeze mtunda wake m'mawa kwambiri ndi masana kwa masiku angapo. Pa tara ndiye simenti isafikepo.

Malo a khungu la ng'ona aja ndiwawerengera bwanji?

Jambulani bokosi la ngodya zowongoka lopitirira malo oswekawo ndi masentimita 15 kapena kuposa mbali zonse, mpaka pa tara wabwino, ndipo muyeze bokosilo. Chulukitsani masikweya mita ndi kuchindikala kwa tara m'mamita, kenako ndi matani pafupifupi 2.3 pa kiyubiki mita. Bokosi likakwana masikweya mita 12, pa mamilimita 40 ndi makiyubiki mita 0.48, amene ndi matani 1.1. Ngati mukugula tara wozizira wa m'matumba a makilogalamu 25, ndi matumba 45. Onjezani kwale wa maziko ngati pansi pafewa, emulsion yopaka pansi ndi m'makoma a chigamba, ndi kubwereka makina otsendera. Gawo ili nthawi zambiri limadya ndalama zambiri kuposa kumata ming'alu yonse, ndiye likhale ndi mzere wakewake.

Tsopano ndalama. Ndiphatikize chiyani?

Phula silipangidwa ku Malawi. Limachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola, mafuta ndi mayendedwe. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, makotesheni akale onse a zipangizo zotere anasanduka mapepala chabe. Funsani mitengo kwa ogulitsa awiri kapena atatu sabata imene mukufuna kugula, ndipo mufunse kuti mtengowo ukhala masiku angati.

Manambala otsatirawa ndi ongoonetsera kayendedwe ka masamu, m'malo mwake muikemo anu. Tiyerekeze kuti pa bwalo lija mabokosi 10 ali pa K120,000 limodzi, K1,200,000. Emulsion malita 20, K120,000. Mchenga, penti, maburashi a waya, matsache ndi magolovesi, K80,000. Gasi wotenthetsera ndi petulo wa makina opemerera, K150,000. Kubwereka chotenthetsera ndi kompuresa masiku awiri, K300,000. Anthu asanu masiku awiri, K150,000. Mayendedwe a zida ndi katundu, K200,000. Zonse ndi K2,200,000. Ikani 10 pa 100 ya zogwa mwadzidzidzi, K2,420,000. Ngati ndinu kontirakitala ndipo phindu lanu ndi 15 pa 100, mufika pa K2,783,000 musanaike VAT. Mukagawa ndi mamita 530 a ming'alu yonse, mita imodzi ikubwera pa K5,250 kapena kupitirira pang'ono.

Yang'anani mizere iwiri ija ya kubwereka zida ndi mayendedwe. Ndi K500,000, ndipo siitsika kwenikweni ntchito ikachepa. Pa mamita 100 okha, iwiri yomweyo ikanakhala K5,000 pa mita phula lisanagulidwe. N'chifukwa chake ntchito yaing'ono imaoneka yodula, ndipo n'chifukwa chake oyandikana nyumba kapena masitolo a mzere umodzi amapindula akaitana mmisiri pamodzi.

Pa masiku a ntchito, dziwani kuti kuyeretsa kumatenga nthawi yambiri kuposa kuthira. Ming'alu yomera udzu imafunanso mankhwala ophera udzu sabata imodzi kapena ziwiri ntchito isanayambe, kuti mizu iume ndi kuzuka mosavuta.

Ndalandira makotesheni atatu osiyana kwambiri. Ndisankhe bwanji?

Yambani ndi kuona ngati akunena za ntchito imodzi. Kotesheni yabwino imatchula mamita a ming'alu malinga ndi kukula kwake, dzina la zomatira ndi makilogalamu kapena malita ake, njira yoyeretsera, ngati adula kangalande ndi saizi yake, kutambalala kwa kalamba, zigamba padera mu masikweya mita, komanso ngati VAT ilimo. Imene yangolemba kuti kumata bwalo lonse, ndalama zakuti, siikukuuzani kanthu.

Kenako gawani makilogalamu awo ndi mamita awo. M'chitsanzo chija ndi makilogalamu 136 pa mamita 380 a phula lotentha, pafupifupi 0.36 pa mita. Wina akalemba 0.1 pa ming'alu yomweyo, akufuna kungodetsa pamwamba. Wina akalemba kilogalamu yathunthu, mwina akufuna kudzaza mpaka pansi popanda mchenga, kapena phula lina likupita ku ntchito ina. Gwirizanani kuti malipiro adzatsata mamita oyezedwa ntchito itatha, inu ndi iye muli pomwepo, ndipo mabokosi opanda kanthu asungidwe kuti muwawerenge.

Nyengo yabwino ndi iti?

Mvula ikatha ndipo pansi pauma, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Nthawi imeneyi kumazizira, ming'alu imakhala yotsegukirako ndipo phula limalowa bwino. Mu Okutobala tara amakhala atafutukuka ndi dzuwa. Mng'alu umalandira phula lochepa, ndiye kukadzazizira limakokedwa kupitirira mphamvu yake. Komabe kumata mu Okutobala kuli bwino kusiyana ndi kulowa m'dzinja ming'alu ili pululu.

A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje asamale chiperoni cha mu Juni ndi Julayi. Pamwamba pamauma msanga koma m'kati mwa mng'alu mumakhala chinyezi. Dikirani tsiku lathunthu la dzuwa, ndipo muyambe mame atauma. Ikani tsiku limodzi lapadera m'bajeti ya kubwereka zida chifukwa cha nyengo yotere.

Ntchito ikalephera, chimakhala chalakwika n'chiyani?

Phula likamatuka ngati chingwe mutalikoka ndi zala, mng'alu unali ndi fumbi kapena chinyezi. Tsache lokha silikwanira. Pamafunika kukolopola ndi chitsulo, burashi ya waya, kenako mpweya wamphamvu. Kompuresa yotulutsa mafuta kapena madzi pamodzi ndi mpweya imawononganso. Iyeseni pa nsalu yoyera musanayambe.

Likatuluka timatuza, m'kati munali madzi amene anawira. Likang'ambika pakati pomwe m'mbali lagwira, linapsa, kapena ndi phula wamba, kapena linathiridwa lopyapyala. Likakhala pamwamba osalowa, linathiridwa litazizira. Ketulo ikamayenda mtunda wautali kuchoka pa chotenthetsera, phula limalimba m'njira. Likaphwa n'kusiya kangalande, pansi panali mphako, thiraninso kachiwiri. Matayala akamalinyamula, kalamba kanachindikala kapena magalimoto analoledwa msanga. Wazani mchenga wosalala wouma pamwamba ndipo mudikire mpaka lizizire losamata chala, kawirikawiri mphindi 15 mpaka 30. Emulsion imafuna maola angapo. Kalamba kotambalala kwambiri kamatereranso kukagwa mvula, zomwe n'zoopsa kwa a njinga zamoto.

Za chitetezo ziikidwe m'bajeti?

Ziikidwe. Phula la madigiri 190 limamatirira pakhungu n'kupitiriza kuotcha. Aliyense woyandikira chotenthetsera akhale ndi magolovesi achikopa aatali, ovolosi ya manja aatali, nsapato zotseka ndi chotchinga kumaso. Pakhale chozimitsira moto cha ufa, ndowa ya mchenga, ndi madzi oyera ambiri ataikidwa patali ndi chotenthetsera. Madzi akagwera m'phula lotentha limafufuma n'kusefukira, choncho ketulo ndi zotakasira zikhale zouma. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20, musayese kumatula phulalo kapena kulitsuka ndi palafini, ndipo mupite naye kuchipatala. Odula konkire ndi gilayinda avale zotchinga mphuno ndi maso, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Makoni kapena tepi yotchingira magalimoto nazonso zilembedwe.

Nanga ma pavers, njerwa zoyala pansi zija, akatseguka m'mipata?

Amenewo samatidwa ndi phula. Mipata yake imadzazidwa ndi mchenga wosalala wouma, wosesedwera m'kati n'kutsenderedwa ndi makina. Pamene atitimira, azuleni, konzani mchenga wa pansi, muwabwezeretse. Akamatseguka kuchokera m'mphepete, ndiye kuti kakhoma kowagwira kasuntha, ndipo ndalama ipite pa kakhomako mchenga usanathiridwe.